Maliro a Mateyo Namakhwa Opanda Mtembo

Makalata khumi ndi anayi ndiwo amene Mateyo Namakhwa analembera mlongo wake Bibiana ali kunkhondo. Yomaliza inafika mu Okutobala 1944, kenako zii.

Mateyo anabadwira kwa Milepa mu 1923. Anali wamiyendo yopepuka. Ankasenza mchere kuchokera ku Namitambo n'kumagulitsa ndi kachitini, ndipo dzuwa likamafika paliwombo thumba limakhala litatha. Mu 1942 galimoto ya asilikali a Keyala inaima pamsika, lipenga likulira. Palibe anamukakamiza. Anakalembetsa yekha, ati akufuna akaone kumene mchere umachokera. Anaphunzira mfuti ku Zomba, nakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Burma.

Bibiana sankadziwa kuwerenga, choncho makalata ankamuwerengera ndi aphunzitsi a kutchalitchi. Oyambirira anali odzaza nthabwala. M'omalizira munangotsala mvula yosakata, misundu, ndi mawu awa: "Mlongo wanga, kuno munthu amangofotseredwa popanda wake womulira."

Patatha miyezi iwiri chifikireni kalata yomaliza, mesenjala wa boma anabwera ndi pepala. Mateyo wamwalira. Mtembo palibe.

Atsibweni awo, a Kalisto, anati mwambo ulipo: adule thunthu la nthochi, alikulunge mumphasa, aliike m'manda m'malo mwa mwini wake, abale amete.

"Ayi, atsibweni," anatero Bibiana. "Nanga pepalali likakhala lanama? Ku Mikolongwe anamuikira nthochi munthu ali moyo ku Joni. Atabwera sanathe ndi mwezi womwe."

"Ndiye mzimu wake uzingoyendayenda m'tchire la eni? Mzimuwo udzapeza iweyo, osati ine."

Bibiana anakhala pakati pa mantha awiriwo chaka ndi theka. Kuika nthochi, aphe mlongo wake ndi manja ake. Kusaika, amusiye panja ngati galu. Masamba a nthochi akangoti khwa kuseri kwa nyumba, ankataya mtsuko n'kuthawa. Mwana wake akatentha thupi, ankati ndi Mateyo akudandaula.

Mu 1946 anamva kuti Abdulkarim, Myao wa ku Namitambo amene anakwera galimoto imodzi ndi Mateyo, wabwerako. Anamupeza pakhonde akusoka nsapato, nagwada chapatali.

"Achimwene, musandinamize. Munamuona ndi maso anu?"

"Achemwali, amene anamunyamula ndine. Tinkaoloka mtsinje, madzi m'chifuwa, mfuti pamutu. Chipolopolo chinamupeza apa." Abdulkarim anagwira pansi pa nthiti zake. "Ankanjenjemera ngati wamalungo, akundifunsa ngati kwathu chimanga chamera."

"Munamuika?"

"Tinakumba anthu atatu, mpaka m'chiuno. Pemphero lanu lachikatolika sindilidziwa, ndinangonena lathu lachisilamu. Ngati ndinalakwa, akandikalipira yekha tikakaonana. Pakamwa paja sankatseka, ngakhale pamaso pa sajeni."

Bibiana anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi kulira, kulira kumene anadzikaniza miyezi khumi ndi isanu ndi itatu. Amayi a pamudzipo anabwera n'kumugwira mapewa.

Tsiku lomwelo Bibiana anafikira kwa atsibweni ake asanalowe m'nyumba mwake. Anawauza kuti atumize uthenga kwa abale onse ndi kwa aphunzitsi. Lachisanu adzadula thunthu, Loweruka adzaika maliro, ndipo woyamba kumetedwa adzakhala iye.