Ndodo Yamanzere ya Agogo Chimbalanga

Ndikakumbukira agogo anga a Chimbalanga, mphuno zimayamba kundiyabwa ndi utuchi wa mkungudza, ndipo ndimamvanso pulena yopalira matabwa ikulira pansi pa kashedi kawo ka malata ku Biwi, iwo ali ndi pensulo kukhutu, wailesi ikuwayankhula osaimvera.

Ndili Sitandade 6, kuseri kwa nyumba yathu kunabwera mayi wachizungu wa ku Spain. Tinkawatcha a Venga, chifukwa ndiwo mawu amene ankakuwa tikamathamanga mwaulesi. Kwawo anali katswiri wa hoki, masewero omenya kampira kolimba ndi ndodo yopindika kunsonga. Bondo litawavuta anapuma, n'kubwera kudzaphunzitsa atsikana. Tsiku lina anaonetsa agogo magazini akale: iwo pachikuto, kumbuyo kwawo bwalo lodzaza mpaka pakamwa.

"Anthu onsewa kudzaonerera azimayi akuthamanga ndi mipini ya makasu?" anadabwa agogo. "Kwanuko ntchito kulibe eti?"

A Venga anaseka mpaka misozi, ubwenzi n'kuyambira pomwepo.

Ndodo zenizeni zinalipo zinayi zokha, atsikana tinali gulu, ndiye agogo anayamba kutisemera zina. Ine ndine wamanzere, ndipo kusukulu ndinamenyedwera dzanja limeneli kokwanira. Nditasankhidwa kuti Loweruka tikasewere ndi sukulu ina ya m'tauni, agogo anandisemera yangayanga mwachinsinsi. Ndodo ya hoki imakhala yosalala mbali imodzi yokha, ndiye iwo anaitembenuza kuti igwirizane ndi dzanja langa. Ankaisisita ngati khanda, abale!

Lachinayi a Venga ataiona, nkhope inagwa. Anati m'masewerowa mulibe ndodo yamanzere, refa sangandilole kulowa nayo, ndipo zotsalazo zonse zinali ndi eni ake. Ndinalira njira yonse, makamaka poganiza kuti ndikawauza bwanji agogo.

A Venga anabwera okha kushedi.

"Abambo, ndodo yabwino kwambiri. Koma lamulo likukana," anatero m'Chichewa chawo chopunduka.

"Lamulo lanji losala mwana? Nanunso mwayamba za aphunzitsi?"

Sindinawaonepo agogo atakwiya chotero. A Venga sanatsutsane nawo. Anatenga ndodo yawo, n'kundigwiritsa dzanja lamanzere pamwamba, lamanja m'munsi.

"Onani, Abambo. Lamanzere ndiye bwana, ndi limene limatembenuza ndodo. Lamanja limangoperekeza."

Agogo anayang'ana manja anga nthawi yaitali, kenako anachotsa pensulo kukhutu.

"Ndiye bwanji simunanene kale kuti masewerowa ndi a mdzukulu wanga?"

Lachisanu lonse mipando ya makasitomala inadikira. Pofika madzulo ndodo ina inali itatha.

Loweruka anatikwapula, ndisaname, zigoli zinkangolowa ngati pakhomo popanda chitseko. Koma kamodzi ndinalanda mpira, n'kudutsa atsikana awiri. Agogo, atavala jekete yawo yakutchalitchi padzuwa lonse lija, anathamanga m'mbali mwa bwalo akukuwa: "Wamanzere ameneyo! Wanga ameneyo!"

Pobwerera m'minibasi agogo anagunda a Venga paphewa. "Inu ankakuimbirani bwalo lonse. Uyu ali ndi mmodzi yekha, koma mwamumva mawu ake?"

Hoki sindinapite nayo patali, lero ndimasoka zovala ku Area 25. Koma kuchokera Loweruka limenelo sindinabisenso dzanja langa pansi pa desiki, ndipo makasitomala akamadabwa kuti ndikudula nsalu ndi lamanzere, ndimawauza kuti ili ndiye bwana.