Makutu a Neta

Mng'ono wanga Aganetha, amene tonse timamutchula kuti Neta, anabadwa pa 2 Febuluwale 1954 m'mudzi mwathu mwa anthu a mpingo wa Amenonaiti kum'mwera kwa Manitoba, ku Canada. Anali mwana waphokoso. Ankaimbira nkhuku, ankaimba ngakhale m'kamwa mutadzaza buledi.

Lachiwiri pa 14 Epulo 1959, mlongo wathu anagwidwa ndi chikuku. Nthawi yofesa tirigu inali pafupi, ndipo amayi anachita zimene mayi aliyense wa kwathu ankachita katemera asanabwere: anatigoneka ana anayi pabedi limodzi kuti matenda atigwire pamodzi, atisiye ntchito ya kumunda isanayambe. Tonse tinachira. Koma pa 9 Meyi amayi anagwetsa chidebe kumbuyo kwa Neta, iye osatembenuka.

Kulankhula sanasiye, anangokweza mawu. Anaphunzira kumva ndi maso, poyang'ana milomo ya munthu. Ankakonda kuuza amayi a kutchalitchi kuti, "Mukamandijeda muziyang'ana kuno, nanenso ndisekeko." Mu 1976 anakwatiwa ndi Kornelius Hiebert, woyendetsa galimoto ya mkaka, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Diedrich, anabadwa pa 20 Januwale 1984. Atangokwanitsa chaka, Neta anamunyamula chipale chofewa chikufika m'mawondo, kukamubayitsa katemera. Kornelius atamwalira mu 2011, ine ndinali nditapuma ntchito yauphunzitsi, choncho tinayamba kukhala nyumba imodzi.

Mu Okutobala 2021, Diedrich ndi mkazi wake Lena anam'patsa Neta mdzukulu, Elsie. Mwanayo akamaimba, Neta ankaika dzanja pamsana pake n'kutsinzina.

"Uyu ndi wanga," ankatero. "Akugwedera ngati thalakitala. Susanna, mawu ake ndi otani? Aang'ono? Osasa?"

Ndinkayesa kumufotokozera, koma sindinamukhutiritse n'kamodzi komwe.

Lamlungu pa 9 Malichi 2025 tinali kwa Diedrich pa faspa, khofi ndi tibuledi ta masana titaweruka kutchalitchi. Chikuku chinali chitalowa m'nyumba ya anzawo oyandikana nawo. Lena anafulatira, ngati akutsuka makapu, n'kunena kuti mawa akamusiya Elsie kumeneko akasewere ndi odwalawo, matendawo amugwire akadali wamng'ono. Anaiwala kuti zenera la pasinki limaonetsa nkhope.

"Wati ukamusiya kuti?" Neta anafunsa.

"Amayi, ndi mmene makolo ankachitira," anatero Lena. "Katemera uja amawononga mutu wa mwana. Ena amasiya n'kulankhula komwe."

"Mwamuna wakoyu ndinamubayitsa. Wasiya liti kulankhula? Ine wogontha ndimatopa naye."

Diedrich anaseka pang'ono. "Amayi, musatengere zinthu pamtima. Ine chikuku sindinadwalepo, ndipo ndani masiku ano amafa nacho?"

"Sunadwale chifukwa cha ndani, chitsiru iwe? Tandiyang'ana. Makolo akowo ntchito yawo ndi ino."

"Amayi aakulu, auzeni aleke," Diedrich anatembenukira kwa ine. Ndinangoyang'ana m'kapu.

M'mawa mwake Neta anavala chijasi cha maliro n'kundiuza kuti ndimuperekeze kutauni. Kwathu nkhani ya m'banja imapita kwa akulu a mpingo, osati kwa aboma. Iye ankadziwa zimenezi kuposa ine. Koma akulu a mpingo amakumana Lachinayi, ndipo Elsie anali kupita kwa odwalawo Lolemba lomwelo. Neta anauza namwino wa zaumoyo zonse, ndi mayina omwe, mokweza moti odikira pabenchi anamva. Pofika masana galimoto ya namwino inali itaima pakhomo pa odwalawo, mudzi wonse ukuonerera. Elsie sanapite.

Pa 12 Malichi Diedrich anabwera, osatsika m'galimoto. Anatsitsa galasi n'kulankhula pang'onopang'ono kuti mayi ake asaphonye liwu.

"Mwatichititsa manyazi. Kwathu musabwerenso."

Anasamukira kutchalitchi china, mtunda wa ola lathunthu. Neta sanadandaule. Loweruka lililonse ankaphikabe tibuledi tokwanira anthu asanu, Lolemba n'kumagawira oyandikana nafe. Koma nkhani ya katemera sinali kumuchoka m'mutu. Ankati waletsa tsiku limodzi lokha, pamene chikuku chili ndi masiku onse. Tikamva kuti mwana wina wadwala, ankandigwira mkono: "Wa kwa yani? Wazaka zingati?"

Lachisanu pa 21 Novembala kunabwera envelopu yolembedwa ndi dzanja la Lena. M'kati munali pepala limodzi, chithunzi cha khadi la kuchipatala la Elsie. Katemera wa chikuku, 3 Juni 2025. Panalibe moni, panalibe chifukwa.

Neta anawerenga katatu, kenako anandipatsa kuti nanenso ndiwerenge, iye akuyang'ana milomo yanga.

"Juni," anatero. "Miyezi isanu ine ndikuwonda chabe. Afiti amenewa." Anaseka, misozi ikutsika. Anasuzumira mu envelopu muja, n'kuigwedeza. "Sanalembe kuti tibwere?"

"Sanalembe."

Kenako Neta anatulutsa ulusi wofiira kuti aluke magolovesi, koma anaima asanayambe.

"Susanna, iwe waphunzitsa ana zaka makumi atatu. Dzanja la mwana wa zaka zinayi limakhala lalikulu bwanji?"

Ndinamujambulira papepala mmene ndinkakumbukira. Anati ndachepetsa, ana a kwa Hiebert ali ndi manja ngati mafosholo, ndipo anawonjezera chala chilichonse pang'ono. Magolovesi aja tinawatumiza pa 1 Disembala. Mpaka lero sitikudziwa ngati anamukwana.