Masiku asanu ndi atatu kusintha oilo basi

Masiku asanu ndi atatu. Kusintha oilo ndi fyuluta basi. Ntchito imene a Banda, makaniko wa pansi pa mtengo kwathu kuno ku Rugare, ku Halale, amaimaliza tiyi wawo asanazizire.

Amene mumandidziwa pa gulu lino mukudziwa kuti ine Esinati sindine wolongolola. Kutchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo. Kufakitale ku Southerton ena mpaka lero amayesa kuti ndili ndi vuto la makutu. Koma maso ndili nawo, ndipo zimene ndaona sabata yathayi sindingazimeze.

Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Anandilera agogo aNaphiri pamodzi ndi malemu agogo aamuna, amene anakalambira ku ntchito ya njanji. Atapuma ntchito anagula pikapu yoyera ndi ndalama za penshoni. Sevisi iliyonse ankapita nayo ku galaja yaikulu kumene anaigula, ya magalasi okhaokha ija, yokhala ndi galimoto zatsopano kutsogolo. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Kumeneko ankadinda chidindo m'kabuku ka sevisi. Koma agogo akangofika pakhomo ankatsegula boneti, n'kutenga penti wofiira wa ku njanji, n'kulemba mwezi ndi chaka pa fyuluta yatsopanoyo. Ankati, “Chidindo ndi chawo, koma dzanja ndi langa.” Papita zaka zitatu chimwalirireni. Galimoto ndimayendetsa ndine, ulendo wake wa kutchalitchi ndi kuchipatala basi.

Lolemba la sabata yatha inalira foni yochokera ku Dedza. Mng'ono wawo wa agogo aNaphiri, aNelesi, anali atasiya kudya. Akuti ankangofunsa kuti, “Achemwali a ku Halale afika?” Awiriwa anaonana komaliza ine ndisanabadwe. Mapasipoti tinali nawo. Kukwera basi sikukanatheka, chifukwa agogo miyendo inatupa, ali ndi shuga, ndipo ola silitha asanapemphe kutsika. Chotsala chinali pikapu. M'chitini cha agogo munali madola 300 a ku America, a petulo ndi zolipira pa zipata. Pa foni yanga panali malipiro anga ndi kena kamene ndinkasunga, zonse za bondi, ndalama ya dziko lino.

Ndinati, “Agogo, tipite nayo kwa a Banda. Madola 25, mawa m'mamawa tanyamuka.”

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. “Iwe Esinati, galimoto ya agogo ako inagonapo pansi pa mtengo? Njira ya ku Tete si ya ku Mbare pafupi apa. Pita kumene kuli chidindo.”

Ndinamvera. Cholakwa changa n'chimenecho, ndipo ndikuchivomera.

Lachiwiri 7:30 m'mawa ndinali pa geti. Pa kauntala panali bambo wa tayi ya buluu, wonunkhira bwino, wankhope yomwetulira. Anandiuza kuti sevisi yaing'ono ndi madola 180 a ku America, kapena bondi 900 pa leti yosinthira ndalama ya tsikulo. Ndinafunsa kawiri, ndimaganiza kuti sindinamve. Oilo wake ndi wochokera kumwamba? Ndinamufotokozera za odwala ku Dedza. Anagwira pamtima n'kunena kuti, “Sisi, musadandaule. 3 koloko mudzaipeza yatha, yotsukidwa kale.”

Ndinafuna kulipira pomwepo. Anati kumeneko salipiritsa ntchito isanathe, iwo si a m'mbali mwa msewu. Makiyi ndinasiya.

3 koloko ndinapempha kutuluka kuntchito. Magetsi azima, jenereta ilibe dizilo, galimoto ili m'mwamba pa chokwezera ndipo singatsike. Ndinasuzumira pa galasi. Inalidi m'mwamba, matayala ali lende ngati mbuzi yopachikidwa. Koma ku chipinda cha galimoto zatsopano nyale zinkayaka bwinobwino. Kapena magetsi akumeneko ndi a dziko lina?

Lachitatu 9 koloko. Galimoto yatsika, koma oilo sanabwere. Bambo wa tayi uja anati tsopano ndilipire kaye kuti akagule oiloyo. Yemwe uja wokana ndalama dzulo lake. Ndinatumiza bondi 900 pa foni. Kwa ine zinachoka. Kwa iwo akuti sizinafike, netiweki yagwa. Ndinakhala pa mpando wofewa wa makasitomala mpaka 1 koloko. Anabwera bambo wina ndi galimoto yaikulu yakuda, anamupatsa khofi, pasanathe maola awiri anatuluka nayo ikunyezimira. Oilo wa ameneyo anachokera kuti?

Lachinayi ndalama zinafika. Koma akuti leti yasuntha usiku. Zimene zinali 900 tsopano ndi 1,260, ndionjezere 360. Ndinati, “Koma ndinatumiza dzulo, uthenga uwu.” Anati, “Sisi, ife timawerengera tsiku limene yafika.” Ndalama ikachedwa m'njira, wolakwa ndine? Ndinatumiza zonse zimene zinatsala pa foni.

Tsiku lomwelo ku Dedza anaimbanso. Anaika foni pakhutu pa aNelesi. Agogo anafuula ngati mmene amachitira akamayankhula ndi akutali. “Nele! Usagone ayi, ndikubwera! Galimoto ili kwa dokotala!” Mbali inayo kunamveka kakuseka kofooka. Agogo anapita kuchipinda n'kukalongedza sutikesi: nsalu ziwiri zatsopano, shuga, mafuta odzola, ndi juzi limene analuka okha. Anaiika pakhomo penipeni, kuti tikamadutsa tiziilambalala.

Lachisanu 10 koloko anandiuza kuti ntchito yatha. Ndinasangalala ngati chitsiru. Kenako anandipatsa lisiti. Maola anayi a makaniko. Mafuta a mabuleki amene sindinapemphe. Nsanza zopukutira m'manja. Kutsuka injini. Ndalama yotayira oilo wakale. Zonse pamodzi madola 100 a ku America pamwamba pa zija, ndipo za ulendo uno bondi sakulandira. Maola anayi kumasula bawuti imodzi? Nsanzazo ndi za silika? Ndinati achotse zimene sindinapemphe. Anati zalowa kale mu sisitemu, wochotsa ndi manijala, ndipo manijala ali pa mzere wa petulo. Ndinadikira mpaka 4:30. Mlonda anayamba kukoka geti.

Ndinamupempha bambo wa tayi uja. Ine amene sindipempha ngakhale mchere kwa aneba. Ndinati asunge chiphaso changa, asunge foni, andipatse galimoto ndikabwera tidzakambirana. Anati, “Galimoto situluka ndi balansi. Tionana Lolemba.”

Loweruka ndi Lamlungu anali otseka. Mudzafunsa kuti bwanji sitinangokwera basi. Ndinawapempha agogo Loweruka m'mawa. Anayesa kuyenda mpaka pa siteji ya makombi, maminibasi a kuno, mtunda wa nyumba zisanu ndi imodzi. Tinabwerera pa nyumba yachinayi, atatsamira pa phewa langa, akupuma ngati athamanga.

Lolemba anati apita okha. Anavala nsalu yawo ya kutchalitchi, anatenga ndodo, tinabwereka galimoto ya aneba mpaka pa geti. Pa lisiti panali pataonjezeka madola 20, akuti a malo ogona galimoto masiku awiri aja. Galimoto imene anaitsekera okha!

Agogo sanakangane. Anamasula mfundo ya kansalu kawo pa kauntala, n'kuyamba kuwongola madola aja limodzilimodzi. Anati, “Mwana wanga, amuna anga ankabwera pano zaka khumi ndi zisanu. Ona zidindo zanu izi. Mng'ono wanga akundidikira. Ndipatse galimoto.”

Iye anamwetulira. “Gogo, musadandaule, zonse zili bwino.” Kenako anatembenukira kwa mnzake n'kunena m'Chishona kuti anthu a ku Malawi awa, chigalimoto cha makedzana koma akufuna sevisi ya mabwana. Bambo inu, ine ndinabadwira ku Rugare. Agogo akhala m'dziko muno nthawi yaitali kuposa zaka zanu. Tinamva tonse awiri. Agogo anangopinda kansalu kawo.

Madola 120 a petulo anapita. Makiyi? Akuti galimoto ili kotsukira, madzi adulidwa, ndipo lamulo la kampani silola kuti galimoto ituluke yakuda. Tinati tiitenga yakuda yomweyo. Anati wosunga makiyi a kotsukira watuluka. Tibwere mawa 8 koloko.

Foni ya ku Dedza inalira 4:10 madzulo a Lolemba lomwelo. Ndinali ndikuwasisita agogo miyendo pa khonde. Ndinayankha ndine. Agogo anandiwerenga pankhope. Anafunsa kuti, “Wagona?” Ndinagwedeza mutu. Kenako anati, “Ndinamuuza kuti asagone.”

Kumudzi anati thupi silingadikire, aika mawa lake masana. Ngakhale tikanakhala ndi mapiko.

Lachiwiri ndinakaitenga galimoto. Inali yowala, matayala opakidwa polishi, pampando ataikapo pepala loti zikomo potisankha. M'kabuku munali chidindo chatsopano. Nditafika pakhomo ndinachita zimene agogo aamuna ankachita. Ndinatenga kachitini ka penti kaja, ndinatsegula boneti, ndinawerama kuti ndilembe mwezi ndi chaka.

Panali polembedwa kale.

Penti wofiira. Manambala opendekera kumanzere. Dzanja la agogo aamuna, la zaka zitatu zapitazo. Fyuluta yomwe ija, angoipukuta ndi nsanza zimene ndinalipira zija. Ndinasolola kachitsulo koyezera oilo. Wakuda ngati phula.

Ndinabwerera komweko 11 koloko. Manijala tsopano analipo. Ndinamutsegulira boneti pamaso pa makasitomala ake. Anayang'ana, anakanda kumutu, n'kunena kuti mafyuluta a galimoto zakale sakupezeka m'dziko muno, ndiye anyamata anangoiuzira mpweya. Nanga oilo? Akuti anathirako pang'ono pamwamba. Nanga pa lisiti bwanji palembedwa fyuluta yatsopano, madola 38? Akuti sisitemu imalemba yokha. Anandipatsa fomu. Akuti andibwezera za fyuluta zokha, za bondi, pa leti ya Lachiwiri loyamba lija, pakatha masiku khumi ndi anayi a ntchito. Ndalama ikamabwera kwa iwo leti ndi ya lero. Ikamabwerera kwa ine leti ndi ya sabata yatha.

Ndiye ndikufunsa pano poyera, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi abale amene amagwira ntchito kumeneko. Ngati fyuluta munalibe, chinakuvutani n'chiyani kundiuza Lachiwiri 7:30 m'mawa, makiyi ali m'manja mwanga? Maola anayi a makaniko aja anagwira chiyani? Oilo wakale amene ndinalipira kuti mutaye, munamutaya kuti, poti ali mu injini momwemo? Ndani anadinda chidindo chija, ndipo dzanja silinanjenjemere? Mwadinda mabuku angati a nkhalamba zimene zimakhulupirira inki yanu?

Inu a pa gulu lino, musanasiye makiyi kulikonse, lembani chizindikiro pa fyuluta. Kaya ndi penti, kaya ndi msomali. Mtengo aulembe pa pepala ndi dzina la wokuuzaniyo. Ndipo ngati muli ndi wodwala amene akukudikirani, musalowe pa geti limenelo.

Fomu ija sindinalembe. Ilibe mzere wofunsira masiku asanu ndi atatu.

Madzulo ake ndinaitana a Banda kuti adzasinthe zonse. Anabwera ndi sipanala ndi fyuluta yatsopano, yogula tsiku lomwelo m'tauni momwe muno, m'dziko lomwe lino limene akuti mulibe mafyuluta. Sipanathe mphindi makumi anayi. Atamasula yakale ija ankafuna kuiponya m'chidebe. Agogo, amene chilirireni foni ija anali asanatuluke m'nyumba, anali ataima pakhomo pambali pa sutikesi.

“Musataye, bambo. Bweretsani kuno.”

Anaipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, nasisita manambala ofiira aja ndi chala. Anati, “Amuna anga sananamepo. Ine ndi amene ndinakhulupirira chidindo.”

Ndinati, “Si inu, agogo.”

Anatsegula sutikesi, anaikulunga fyulutayo mu juzi la aNelesi, natsekanso.

Sutikesiyo ikadali pakhomo. Tikuilambalalabe.