Mapiritsi a Bambo ndi Alendo Awo

Bambo anga anatsika ku Angonia kudzagulitsa kabichi mu Tete, koma mwambo wa kumudzi sanausiye: chilichonse cholowa pakamwa mlendo akuona n'chogawana. Ndiye atawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kuno timangoti tensau, khonde lathu ku Matema linasanduka chipatala.

Mapiritsi anali amitundu iwiri, ndipo namwino anafotokoza ine ndili pomwepo. Loyera limatulutsa madzi ndi mchere kudzera mumkodzo, linalo limamasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosapanikizika. Sachiritsa, amangogwirizira, choncho ndi omwa tsiku ndi tsiku, kaya mutu ukuwawa kaya ayi. Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva.

Ankamwera pakhonde m'mawa, ndipo mlendo sankasowa. Woyendetsa lori ya malasha akadandaula msana, piritsi. Mayi wa tomato akati mutu, piritsi. Mkulu wina wa kutchalitchi, amene magazi ake analibe mlandu uliwonse, anameza awiri, dzuwa la Tete n'kumupeza akudikira shapa, minibasi ya kuno, ndipo anakomoka pomwepo. Atatsitsimuka anabwera kudzathokoza kuti mankhwalawo ndi amphamvu zedi.

Ine zinkandipsetsa mtima.

"Bambo, umenewu si mtedza," ndinawauza. "Akakutherani mwezi usanathe mumwa chiyani?"

"Iwe mwanawe, ndimeze komprimido ndekha anthu akundiyang'ana? Azikanena kumudzi kuti ndaphunzira umbombo wa m'tauni? Ndiponso tensau yakoyo ine sindikuimva."

Tensau simveka, chinyengo chake n'chimenecho. Mwezi ukafika pakati kabotolo ka mapiritsi kanali katauma gwaa, bambo n'kumayenda monyadira kuti achira.

Tsiku lina akutsitsa matumba pamsika, mkono wamanja unalefuka, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala anatulukako akukoka mwendo, mawu osamveka. Ndinalira, ndipo mkwiyo unali momwemo.

Odwala awo onse anabwera kudzazonda mpaka khonde kudzaza. Anapepesa mwaulemu, n'kugwirizana kuti awalodza ndi anzawo a pamsika chifukwa cha nsanje ya kabichi. Potsanzika, wa lori uja anandikokera pambali n'kufunsa monong'ona ngati pa mankhwala atsopano a bambo tingamupatulireko piritsi limodzi, poti msana wayambiranso.

Ndisanamuyankhe ndinacheukira bambo pamphasa. Ndi dzanja lawo lotsalalo, anali akundilozera pawindo pamene timaika kabotolo.