Jombo Zogulira Munthu Wina

Ndinafika ku Dubai kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi viza ya mlendo, sutukesi imodzi, ndi lonjezo la munthu wina amene anati ntchito ya ku hotela ikungodikira ine. Nditatera, foni ya munthuyo inasiya kuyankhidwa. Mnzanga wa ku Ntcheu, yemwe anali mlonda, anandisunga kwa kanthawi, koma nyumba inali ya kampani ndipo alendo sankaloledwa. Tsiku lina anandiuza mosapita m'mbali: "Ase, supervisor watulukira. Komanso visa yakoyo ikangotha, khalas, zako zatha, ukwera ndege. Inshallah upeza kena kake, koma kuno ayi."

Amene ananditola anali bambo wina wa ku Philippines yemwe ndinakumana naye kutchalitchi Lachisanu lina, lomwe kumeneko linali tsiku lopuma. Anzawo onse ankawatchula kuti Kuya, kwawoko ndiye kuti achimwene, ndipo nane ndinangotengera pomwepo. A Kuya anali kapitawo m'nyumba yosungiramo katundu ku Dubai Investments Park, komwe masiku amenewo mchenga unkachuluka kuposa nyumba. Ankakhala ku Al Twar, m'nyumba yakale yogawidwagawidwa ndi matabwa, pamodzi ndi anthu ena ochokera m'tawuni yawo yomweyo. Anandipatsa matilesi pakona, nandiuza kuti mpunga ukapsa ndisamadikire kuitanidwa.

Munthu wodyera m'mbale ya eni ake amayenera kumvetsera nkhani zawo, ndipo a Kuya nkhani anali nayo imodzi yokha: tawuni yawo. Ine ndimati tawuni chifukwa iwo ankatero, koma kwathu tikanati pa tiledingi senta. Msewu umodzi, tchalitchi, ofesi ya meya, msika wa nsomba, kenako midzi yomwazikana m'mapiri. Ndinkawaseka kuti, "A Kuya, malo amenewa pa mapu alipo koma?" Iwo osakwiya, ankangoyambiranso poyambirira.

Ankati oyamba kukhala pamalopo anali anthu othawa njala kuchokera ku chisumbu china. Eni dera anawalozera chigwa choti alimemo mpunga, osawafunsa zambiri. Pambuyo pake kunabwera ansembe a ku Spain amene anamangitsa tchalitchi cha miyala ya m'nyanja. Pa nkhondo ya Ajapani anthu anakabisala kumapiri, atakwirira belu la tchalitchi m'munda wa chinangwa. Nthawi ya agogo awo, tawuniyo inadzipatula ku tawuni yaikulu yoyandikana nayo n'kukhala ndi meya wakewake, ndipo mpaka lero anthu a mbali ziwirizo amanyogodolana pa mpira. Zonsezi ndinazimva kambirimbiri moti ndikanatha kukhoza mayeso ake.

Chuma chawo chinali kokonati. Amamuswa, kumuyanika pa utsi, n'kumugulitsa kwa amalonda opanga mafuta. A Kuya akamadandaula za mtengo wake, ndinkangomva ngati bambo anga akuchokera ku okushoni ya fodya. Kusiyana kwake n'kwakuti fodya akakanika umabzalanso chaka chamawa, pomwe mtengo wa kokonati ukagwetsedwa ndi namondwe umadikira zaka kuti wina ubereke. Ndiye anthu anayamba kuchoka. Ankati ukayenda m'tawunimo umangoona agogo ndi adzukulu. Nyumba ya malata atsopano ndiye kuti ili ndi mwana kunja, ya udzu ndiye kuti sanapite aliyense.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kuchokako kunali ndi dongosolo lake, ngati chipereganyu. Malo a ntchito akapezeka pomwe mmodzi wa iwo akugwira, sankangoitana aliyense. Mabanja ankalandirana: ulendo uno banja ili, ulendo winawo banja lina, kuti denga latsopano lifike pakhomo lililonse. Chaka chimenecho inali nthawi ya banja la a Kuya. Kuntchito kwawo kunkafunika munthu wonyamula katundu, ndipo malowo anali a mlamu wawo, bambo wa ana atatu amene mitengo yake inagwa ndi namondwe. A Kuya anali atamugulira kale jombo zogwirira ntchito, zachitsulo kutsogolo. Zinali m'katoni pamwamba pa kabati, moyang'anizana ndi matilesi anga.

Mlamuyo ndinamuonapo. Chaka chilichonse ankawatumizira tepi ya vidiyo ya chikondwerero cha woyera wa tawuni yawo, ndipo Lachisanu masana nyumba yonse inkaunjikana pa wailesi yakanema. Ankakuwa akaona mayi awo, kuseka akaona wina wanenepa, kulira akaona mwana amene anamusiya akukwawa tsopano akuimba ng'oma. Pakati pa tepiyo panaoneka bambo wochepa thupi, wometa bwino, atanyamula pasipoti m'mwamba ngati chikho cha mpira, ana ake akumukoka malaya. A Kuya anandigunda paphewa: "Ameneyo ndiye akubwera."

Nthawi yonseyi ine ndinkazungulira m'maofesi ndi mapepala anga, thukuta lili kamukamu, yankho n'kumakhala lomwelo: siyani pamenepo, tikuimbirani. Viza inali pafupi kutha. Kwathu ndinachoka mwaulemu, akumpingo atandiperekeza ndi nyimbo mpaka pa depoti. Kubwerera chimanjamanja kunkandiopsa kuposa imfa. Ndinasiya kudya bwino, ndipo a Kuya anaona.

Lachisanu lina titaweruka kutchalitchi anaitanira anzawo kukhitchini n'kutseka chitseko. Chitseko cha matabwa opyapyala sichibisa kanthu. Chinenero chawo sindinkachimva, koma mkangano umamveka m'chinenero chilichonse. Mayi wina anakweza mawu, wina anamenya tebulo, ndipo apo ndi apo ndinkamva liwu loti Afirika. Ndinadziwa zimene ankakambirana. Ndinakhala pa matilesi paja maso ali pa katoni ya jombo, nkhope ya bambo wa pasipoti uja ikundibwerera, koma mumtima ndikupemphera kuti a Kuya apambane. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo kwina. Munthu kupempherera kuti mbale ya mnzako ikhale yako, mnzakoyo ukumudziwa nkhope!

Atatuluka, a Kuya anatsitsa katoni ija n'kuiika pamiyendo panga.

"Yalla, tiye, yesa. Loweruka ukuyamba."

"A Kuya, nanga alamu anu?"

Ndinafunsa, inde, koma ndi mawu otsika, ofunsira mwamwambo chabe. Manja anga anali atagwira kale katoniyo.

"Mlamu ali kwawo. Mpunga adya, nsomba adya, mvula ikagwa ali ndi pothawira. Iwe uli m'chipululu. Ndinakuuza mmene tawuni yathu inayambira, kapena unkagona?"

Madzulo ake anaimbira foni mlongo wawo, mkazi wa bambo uja. Anayankhula nthawi yaitali, kenako anayamba kungomvetsera foni ili kukhutu. Ine ndinatuluka n'kukaima panja pa mpanda, kutentha kuli tholo, mpaka nditatsimikiza kuti atha. Mayi amene anakweza mawu kukhitchini uja anatha milungu osandipatsa moni. Sindinamuimbe mlandu. Ndikanakhala ine ndikanachita zoposa pamenepo.

Jombo zija zinali zazing'ono. Bambo uja anali ndi phazi la munthu wokwera mitengo, ine langa ndi la ku Ntcheu, lotambalala ngati khasu. Tsiku loyamba ndinabwerako zala zitatupa, ndipo sabata isanathe zikhadabo ziwiri zinada. A Kuya atandifunsa ndinati zili bwinobwino. Ndikanayamba bwanji kudandaula? Ndinkazivula m'bafa kuti asaone matuza. Ngakhale pamene ndinali ndi njira yogulira zina, ndinapitiriza kuvala zomwezo. Sindikudziwa ngati kunali kuthokoza kapena kudzilanga.

Ndinkadzitonthoza kuti malo ena apezeka posachedwa, mlamu abwera. Malo anapezekadi, koma chipereganyu sichibwerera m'mbuyo. Banja la a Kuya linali litadya kale gawo lake, ndipo wodya wake ndinali ine. Anabwera mwana wa banja lina.

Chaka chotsatira tepi ina inafika. Tinaunjikananso Lachisanu masana, ine nditakhala kumbuyo kwenikweni. Chinadutsa chifanizo cha woyera uja chitanyamulidwa pamapewa, ana a ng'oma, meya ndi zoyankhula zake zosatha. Kenako wojambula anayenda khomo ndi khomo kuti aliyense apereke moni kwa abale akunja. Anafika pa nyumba ina ya udzu. Bambo uja anali panja, wopanda malaya, akuswa kokonati pa chitsulo chosongoka. Tsitsi linali litakula. Anapukuta manja pa kabudula, napereka moni kwa a Kuya ndi kwa ena onse mmodzimmodzi. Atatero anamwetulira, nanena kanthu kena akuloza kumapazi kwake kopanda nsapato.

M'chipindamo ena anatembenuka kundiyang'ana.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

A Kuya sanachotse maso pa kanemayo. "Akupereka moni kwa m'bale wathu wa ku Afirika. Akufunsa ngati jombo zinakukwana."

Bamboyo anali chiimire pa kanemapo, akumwetulirabe, ngati akudikira yankho. Ndinabisa mapazi anga pansi pa mpando.

"Zinandikwana, achimwene," ndinatero m'Chichewa.