Mphenzi Inalowera pa Eriyo

Kwathu ku Mwase mitambo ikada, amayi anali ndi mwambo wawo. Ankazula chingwe cha TV pasoketi, kuphimba kalilole ndi chitenje, ndipo wovala zofiira ankathamangitsidwa kukasintha. Chimene sitinkachiganizira ndi eriyo. Atate anaiimika pamtengo wa bulugamu wautali kuposa mitengo yonse ya pamudzi, ndipo ankainyadira ngati ng'ombe yamkaka.

Madzulo alionse kunkabwera mkulu wina woyandikana nafe, mnzawo wa atate kuyambira paubwana, kudzaonera nkhani. Chaka chimenecho anali atakangana chifukwa ng'ombe zathu zinadya mtedza wake, komabe ankabwera. Ankangoti "Mwatandala uli," n'kukhala pampando wake, onse awiri atatupitsa masaya.

Mphenzi inagunda masana, tikusenda chimanga pakhonde. Kunang'anima, makutu anatseka, kenako m'nyumba munatuluka fungo la pulasitiki wopsa. TV inafa, soketi inada bii, mababu awiri anaphulika. Palibe anavulala.

Azakhali anga, omwe pakamwa pawo sipagona, anafika mvula isanakate. "TV yozula ingapsye bwanji? Iyi ni yotumiwa. Mudziwa amene munayambana naye." Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utadziwa mwini mphenziyo. Mkulu uja anamva, ndipo sanabwere.

Ndinaperekeza atate ku Boma, TV titaimanga panjinga. Wokonza wa pafupi ndi msika anaitsegula n'kutionetsa pamene panapserera, polowera chingwe cha eriyo.

"Munachotsa ku malaiti, koma ya eriyo munasiya, tate. Yabwela na waya, yaocha mukati, yalumphila na ku soketi."

Atate anagwedeza mutu, anamvetsa bwinobwino. Ine ndinkayembekeza kuti tikafika akaima pakhomo pa mnzawoyo n'kunena mawu awiri okha. Tinadutsa osaima. Kunyumba anangoti siingakonzeke, ndipo azakhali anapitiriza nyimbo yawo. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa atate sanali munthu wabodza. Linali liuma basi. Kupepesa kunkawalemera kuposa thumba la feteleza.

Atagulitsa fodya anagula TV ina, eriyo anaitsitsa. Nthawi ya nkhani ikakwana ankatsegula chitseko n'kukweza mawu mpaka amayi kudandaula, kuti zimveke kutsidya kwa mpanda. Mkulu uja ankakhala pakhonde pake, atatipatsa msana. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe, ndipo atate ndi amene anayamba kukumba manda.