Funso la Msodzi wa Matemba

Chaka chimene Aamereka anaponda pamwezi, nyanja ya Chilwa inali itangoyamba kubwerera itaphwa. Amuna anga anali katekisiti pa tchalitchi chathu chaudzu kufupi ndi Kachulu, ndipo ine ndinkawathandiza kuphunzitsa nyimbo m'kalasi ya ubatizo.

M'kalasimo munali mkulu wina, msodzi wa matemba, amene anachokera ku Mozambiki ali mnyamata. Nkhani ya mwezi anaimvera pa wailesi ya pagolosale. Tili pakati pa katekisimu, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ngati kumwezi kukufikika, ndiye kuti kunyenyeziko mwina kuli anthu. Kodi Yesu anaferanso amenewo?"

Anthu anaseka, koma amuna anga sanaseke. Zaka zimenezo tinazolowera kuti funso limene mulibe m'buku silifunsidwa pagulu. Anangoti, "Mudzafunse Bambo Mfumu akabwera."

Bambo Mfumu anali mzungu wa kumishoni, ankabwera panjinga yamoto mwa apo ndi apo. Tsiku limene anabwera, Misa itatha, ndikuwapatsa mpunga pakhonde, msodzi uja anafika, navula chipewa, nabwereza funso lake.

Bambo Mfumu anaika supuni pansi. "Sindikudziwa ngati aliko," anatero. "Mpingo sunanene kuti aliko kapena kulibe. Kufufuza zimenezo ndi ntchito ya asayansi, ndipo si tchimo, pakuti nzeru zopitira kumwezi anawapatsa ndi Mulungu. Koma ngati aliko, anawalenga ndi Iye yemweyo, ndipo sangawaiwale."

"Ngakhale sanamvepo belu la tchalitchi?"

"Ngakhale choncho, achikulire."

 Kenako msodziyo ananena kuti mayi ake anamwalira osabatizidwa kwawo, tsidya la nyanja, wansembe asanafikeko. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri ankayamba kalasi n'kuisiyira panjira. Sankafuna kupita kumene mayi ake sakawapezako.

Bambo Mfumu anamukhazika pampando n'kumufunsa kuti mayiwo anali munthu wotani. Anacheza mpaka mpunga unazizira. Ndikulowa ndi kutuluka, ndinangomvako kuti mayiwo ankaumba mbiya, ndiponso kuti nthawi ya njala analera ana a mchemwali wawo.

Mkuluyo anabatizidwa pa Pasaka wotsatira, amuna anga atamuimirira. Madzi atachuluka anabwerera m'bwato lake. Lamlungu ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, n'kumaimba mokweza kuposa tonse, mawu ena akuwaphonya.